Wophika Kalongonda Ndiye Amayamba Kudya

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene anandikumbitsa dzenje loti ndikwiriremo chakudya changa, ine n'kudya chakudyacho sukulu yonse ikuonerera. Mpaka lero ndikapita kwathu kwa Nazombe, anzanga amene tinaphunzira limodzi sanditchula dzina langa la Eneresi. Amangoti, "Wabwera uja wa m'dzenje." Sindikwiya nazo. Pa mayina onse amene anthu andipatsa pa moyo wanga, limeneli ndi lokhalo limene ndinalikhetsera thukuta.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chitangoyamba kumasula. Tinakolola tizitsononkho tosadzaza ngakhale pansi pa nkhokwe, ndipo pofika nyengo yotentha galu wakuda anali atalowa m'mudzi. Bambo anapita ku Chilwa kukafuna ganyu kwa asodzi, koma nako madzi anali atathawa, moti chimene tinkalandira kuchokera kumeneko chinali moni basi. Pakhomo tinatsala amayi, ine ndi alongo anga awiri aang'ono.

Chimene chinatisunga ndi kalongonda. Amene simumudziwa, ndi chomera choyanga, m'bale wake wa chitedze, kungoti iye sayabwa. Amabereka makoko onenepa olendewera m'magulumagulu, ndipo m'kati mwake mumakhala nyemba zikuluzikulu. Anthu ena amadzala m'munda, koma wathu sanadzalidwe ndi munthu. Kuseri kwa nyumba kunali khwawa louma, ndipo m'menemo mbewu zinkagwa zokha, kumera zokha, n'kukwera m'mitengo ya mpoza ndi ya minga mpaka kunsonga. Dzuwa limene linapsereza chimanga, iye silinamuopse. Zaka za mwanaalirenji tinkangomudutsa osamuyang'ana kawiri, koma chaka chimenecho khwawa lija ndilo linasanduka nkhokwe yathu.

Kalongonda sadyedwa mwaphuma. Ukamuphika ngati nyemba wamba, amakuzunguza mutu, kukusanzitsa, ndipo ena amayamba kubwebweta. Amayi ankayamba m'mawa: kuwiritsa, kusenda khungu la nyemba iliyonse, kutsuka, kuwiritsanso, kutaya madzi, kuthira ena, mpaka dzuwa kupendeka. Madzi oyamba ankatuluka akuda bii, ndipo aliyense wowakhudza zala ndi zikhadabo zinkamuda, sopo osaphula kanthu kwa masiku angapo. Ntchito yanga inali kutola nkhuni ndi kukataya madzi akudawo m'kadzenje kutali ndi nkhuku. Nkhuni zimene kalongonda amadya, mungaphikire ukwati.

Panali lamulo limodzi limene amayi sankaseka nalo. Palibe kulawa. Kalongonda akapsa n'kuthiridwa mchere, amayi ankatapa dzanja limodzi, kudya okha, kenaka n'kupita kukasesa kapena kukatunga madzi, ife tikuyang'ana mphika ngati nkhuku zozungulira lichero. Akabwerako mutu uli bwinobwino, m'pamene ankatigawira. Mlongo wanga wamng'ono akalira ndi njala, ankamuuza kuti, "Wophika ndiye amayamba kudya. Ngati pali kuledzera, ndiledzere ine." Amayi awo anawaphunzitsa choncho, ndipo m'nyumba zonse zophika kalongonda kwathu zinkatero.

Sukulu yathu inali patali ndithu, cha ku njira ya ku Chiringa, ndipo munthu sukanatha kupita ndi kubwera m'mimba muli pululu. Ndinkanyamula kalongonda wotsala dzulo m'kachitini ka majarini. Kachitini kameneka kankandibweretsera mawu. Ndikangokatsegula, wina ankagwira mphuno, wina n'kunena kuti kwabwera chakudya cha Anguru. Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti onyozawo ambiri anali Alomwe anzanga, ana amene agogo awo anachokera ku Mozambiki ngati anga omwe, amene kwawo madzulo ankadya kalongonda yemweyo chitseko atatseka. Masiku amenewo Chilomwe chinali chinthu chosiya pakhomo ngati chitenje chong'ambika.

Mnzanga wapamtima anali Joyisi, mwana wa mwini chigayo. Kwawo kunali nyumba ya malata, ndipo ngakhale chaka chimenecho ankabwera ndi chigumu kapena mandasi. Koma Joyisi ankakonda kalongonda kuposa ine. Nthawi ya buleki tinkazembera kuseri kwa kalasi, iye kundipatsa chigumu, ine kumupatsa kachitini, ndipo ankadya akusuzumira uku ndi uku.

"Usakanene," ankatero. "Amayi amati m'nyumba ya malata simulowa kalongonda."

Tsiku lina anandifunsa kumene timathyola. Ndinamuuza za khwawa lathu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Patapita masiku, Joyisi sanabwere kusukulu. Tisanaweruke mbiri inali itafika: dzulo lake madzulo anayamba chizungulire, kusanza, kuyankhula zosamveka, ndipo anamunyamula pa njinga kupita naye kuchipatala. Atafunsidwa chimene anadya, anangoti kalongonda. Amayi ake sanafunsenso zambiri. Anati mwana wawo wadyetsedwa za m'chitini cha Eneresi.

Nkhani ya m'mudzi imanenepa poyenda. Itachoka kuchigayo inkati amayi anga anaphika mwaulesi pofuna kusunga nkhuni. Pofika pa mjigo inkati anathiramo mankhwala dala, chifukwa njala imabala nsanje. Ndinapita nawo kukatunga madzi tsiku limenelo, ndipo ndinaona ndi maso anga amayi ena akusuntha ndowa zawo kuti zisayandikane ndi yathu. Amayi anga, munthu amene pa maliro alionse ankamuitana kuti akayang'anire miphika, anaima pa mzere okhaokha ngati ali ndi khate. Anasenza ndowa, ine pambuyo, ndipo njira yonse ndinkangoona madzi akutayikira pamsana pawo, chinthu chimene sichinkachitika.

Kwathu mkazi amene amutchula kuti amadyetsa ana a eni, watha. Samuitananso pa maliro, pa ukwati kapena pa ganyu, ndipo ana ake palibe amene amadya nawo mbale imodzi. Ndinali mwana, koma chimenechi ndinkachidziwa bwino.

Madzulo amayi anandiuza kuti, "Mawa kachitini ukasiye. Udzadya ukabwerako."

"Ndikakasiya ndiye kuti tavomera," ndinatero.

"Iwe, pakamwa. Ndati ukasiye."

Madzi otsiriza a mphika wa tsiku limenelo ndinataya ndine, ndipo ndinawaona amayi akutapa dzanja lawo loyamba lija ngati masiku onse. Kutacha, iwo atalawirira kudimba, ndinadzaza kachitini mpaka pakamwa n'kunyamuka. Sindinali ndi pulani iliyonse. Ndinali ndi mkwiyo basi.

Ahedi athu anali a Nampinga, bambo wamtali amene ankamanga tayi ngakhale kutenthe chotani. Sanali munthu wankhanza, koma ankakonda kuti zinthu zizioneka zachizungu, ndipo mwana woyankhula Chilomwe pabwalo la sukulu ankatola zinyalala. Pa asembule ya m'mawa umenewo ananena kuti mwana wina wagonekedwa m'chipatala chifukwa cha zakudya zakutchire, ndipo kuyambira tsiku limenelo kalongonda asapondenso pasukulu. Maso onse anatembenukira kwa ine. Kachitini kanali m'manja mwanga, ndipo sindinakabise.

"Eneresi, bwera kuno. Muli chiyani m'menemo?"

"Kalongonda, sala."

"Sunamve zimene ndanena?"

"Ndamva, sala. Koma mwanena panopa, ine ndinanyamula kale."

Ana ena anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunaipitsa zinthu. Nkhope ya a Nampinga inauma.

"Mnzako ali m'chipatala chifukwa cha zimenezi, iwe ukuchita nazo nthabwala?"

"Amayi anga saphika poizoni, sala."

Anatuma mnyamata kukatenga khasu. Chilango changa chinali chakuti ndikumbe dzenje pakati pa bwalo, ndipo likatha, ndikhuthuliremo kalongondayo n'kukwirira sukulu yonse ikuona, kuti aliyense atengerepo phunziro.

Dothi la kwa Nazombe nyengo yotentha silimva khasu. Ukamenya, khasu limadumpha, m'manja n'kuchita dzanzi. Anzanga analowa m'makalasi, ine ndinatsala pabwalo ndi khasu ndi kachitini kanga, kamene ndinakaika pomwepo n'kukaphimba ndi masamba kuti kasatenthe. Ndinakumba. Matuza anatuluka, kuphulika, chogwirira cha khasu n'kuyamba kuterera. Ndinkamva kalasi lathu likubwereza masamu mokweza, ndipo mawindo anali odzaza mitu yondisuzumira.

Ndikukumba choncho ndinaganiza zimene zidzanenedwe madzulo ake m'nyumba iliyonse. Ana adzakafotokoza kuti Eneresi wakwirira kalongonda wa amayi ake ndi manja ake, ndipo akuluakulu adzati, mwaona, ngakhale mwana wake yemwe akudziwa. Chinthu chokwiriridwa ndi chinthu chowola kapena chakupha. Pamenepo ndinazindikira kuti m'dzenje limenelo sindinkakwiriramo nyemba ayi, ndinkakwiriramo dzina la amayi.

Belu la buleki litalira, dzenje linali litapitirira mawondo anga. A Nampinga anasonkhanitsa ana onse, aphunzitsi ataima kumbuyo pamthunzi wa khonde. Ndinali chiimire m'dzenjemo, thukuta lili kamukamu, kachitini m'manja.

"Khuthula," anatero.

Ndinatsegula kachitini. Ndinatapa dzanja limodzi lodzaza, dothi ndi magazi a matuza zili momwemo, n'kuponya m'kamwa.

Ndinatafuna pang'onopang'ono, kumeza, kutapanso. Kalongonda wozizira wothira mchere amakoma, koma tsiku limenelo kukhosi kunali kouma moti nyemba iliyonse inkatsika movutikira. Mnyamata wina anafuna kudumphira m'dzenje kuti andilande, koma a Nampinga anamuletsa ndi dzanja. Ndikhulupirira kuti nawonso sankadziwa chochita. Ndinadya mpaka pansi, n'kutembenuza kachitini kuti aliyense aone kuti mulibe kanthu.

"Kwathu wophika ndiye amayamba kudya," ndinatero. "Amayi anadya dzulo, ndipo lero apita kudimba. Ine ndadya wonse. Dikirani muone ngati ndigwe."

Akuluakulu amati kutsutsa galu n'kukumba. Ine kukumba ndinali nditakumba kale, chotsala chinali kuima.

A Nampinga anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Chabwino. Popeza wafuna kuti tikuone, uima momwemo mpaka tiweruke." Anabalalitsa ana, iwo n'kulowa mu ofesi.

Apa m'pamene ndinaona kuti ndadzitchera ndekha msampha. Dzuwa linali pa liwombo, pabwalo panalibe mthunzi, ndipo ndinali nditakumba m'mawa wonse osamwa madzi. Mwana aliyense woima padzuwa lotero akhoza kukomoka, adye kalongonda kapena buledi. Koma ine ndikanagwa, palibe akanati ndi dzuwa. Akanati ndi mphika wa amayi anga, ndipo ndikanakhala nditawapachika ndi manja anga kuposa mmene dzenje likanachitira.

Ndinachita mantha, ndisaname. Dothi la m'dzenje linkaotcha kumapazi. Patapita nthawi phiri la Michesi, limene linkaonekera kuseri kwa denga la sukulu, linayamba kuvina pang'onopang'ono. M'makutu munayamba kulira. Ndinaluma mlomo wam'munsi kuti ululu undidzutse. Ndinkasuntha zala za kumapazi, kupuma mozama, n'kuyang'anitsitsa msomali umodzi wa pa chitseko cha ofesi. Nthawi iliyonse mawondo akafuna kupinda, ndinkakumbukira ndowa zija zikusunthidwa pa mjigo, mkwiyo n'kundiwongola. M'mawindo mitu inali ikadali yomweyo, kudikira. Ena ndithu ankafuna ndigwe, poti nkhani ikanakoma.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji pamene ndinaona nsapato zakuda pamphepete pa dzenje. Anali a Nampinga, atanyamula kapu ya madzi. Anayang'ana kumakalasi, kenaka anawerama n'kuyankhula motsitsa mawu. Anayankhula m'Chilomwe. Chiyambire sukulu ndinali ndisanamvepo liwu limodzi la Chilomwe kuchokera pakamwa pawo, moti poyamba ndinayesa dzuwa layamba kundibwebwetetsa. Chinali Chilomwe chenicheni, cha munthu woyamwira.

"Mwanawe, tuluka ukakhale pamthunzi. Zakwana."

Ndinawayankha m'Chilomwe momwemo, pabwalo pomwe pankaletsedwa. "Ndituluka belu likalira."

"Ukomoka."

"Ndikatuluka panopa adzati munandichotsa nditayamba kuledzera."

Ananditambasulira kapu ija. Kenaka anati, "Madziwa imwa. Madzi si mlandu."

Madziwo ndinamwa, chifukwa kulimba mtima si uchitsiru. Anatenga kapu yawo n'kubwerera, koma sanalowenso mu ofesi. Anaima pakhonde, manja kumbuyo, kundiyang'ana. Ndipo tsiku limenelo belu loweruka linalira msanga kuposa masiku onse. Aphunzitsi ena anatuluka akuyang'ana mawotchi awo modabwa.

Ndinatuluka m'dzenje ndekha, osagwira dzanja la munthu. Ndinatola kachitini ndi makope anga n'kudutsa pakati pa ana onse ndikuyenda mowongoka. A Nampinga anandiuza, m'Chichewa tsopano ndi mokweza, kuti ndisabwerenso popanda kholo. Ndinati chabwino, sala. Ndinayenda mpaka pamene sukulu inabisika, ndipo pamenepo ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kulira mpaka kukhuta.

Mukayesa amayi anandiyamikira, simukuwadziwa amayi anga. Mbiri inali itandipitirira kale panjira, ndipo ndinawapeza ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Ndinati chiyani za kachitini?"

"Munati ndikasiye."

"Ukanafera m'dzenje muja, dzina langalo ndikanalidya? Ndikanalibereka kumbuyo?"

Anandikalipira mpaka mawu kusasa. Kenaka anaona m'manja mwanga. Anasiya kuyankhula, kutenthetsa madzi, kuthiramo mchere, n'kuyamba kunditsuka matuza aja modekha. Zinkawawa koopsa. Ali mkati motsuka, osandiyang'ana kumaso, anafunsa kuti, "Unamaliza wonse?"

"Wonse."

"Osasiyako ngakhale wa alongo ako," anatero, ndipo ndinaona kuti akulimbana ndi kumwetulira.

Joyisi anatuluka m'chipatala mawa lake. Amayi anavala chitenje chawo chabwino n'kunena kuti tikupita kukazonda wodwala. Ndinadabwa, poti anthu ake ndi omwewo amene ankatinena. Amayi anati matenda sazondedwa ndi okondana okha, ndipo wosapita ndiye amaoneka kuti ali ndi chobisa.

Tinapeza Joyisi atagona pa mphasa pakhonde, atawonda ndi kutuwa. Amayi ake anatilandira ndi moni wa m'mano. Panalinso amayi ena awiri oyandikana nawo nyumba, amene anasiya nkhani yawo titangofika. Amayi anga anakhala pansi, kufunsa mmene wodwala wagonera, kenaka anagwira dzanja la Joyisi ngati mmene aliyense amagwirira dzanja la mwana wodwala. Sanalisiye msanga. Analitembenuza n'kuyang'ana zala.

Zikhadabo za Joyisi zinali zakuda, ndi m'mizere ya zala momwe. Kalongonda wakupsa, ngati wa m'chitini changa, sadetsa m'manja. Chimene chimadetsa ndi madzi oyamba aja.

"Mwanangu," anatero amayi mofatsa, "madzi unataya kangati?"

Joyisi anawayang'ana, kenaka anayang'ana amayi ake. "Kodi amataya?"

Atatero anayamba kulira, zonse n'kutuluka. Anapita yekha ku khwawa lathu, kuthyola makoko, n'kukaphika mobisa kuseri kwa chigayo m'kapoto kakale, makolo ake atapita ku msika. Anaphika ngati nyemba, madzi amodzi, mofulumira kuti asamupeze, ndipo anadya ndi manja momwemo. Ku chipatala anaopa kunena kuti anaphika yekha, chifukwa kukwapulidwa chifukwa chophika kalongonda ali mwana wa m'nyumba ya malata kunkamuopsa kuposa matendawo.

Ine ndinkayang'ana amayi ake a Joyisi. Sanadabwe. Anangoweramitsa mutu n'kumakonza mphonje ya chitenje chawo. Mayi ameneyu anakulira kutsidya kwa khwawa lomwelo, ndipo zikhadabo zake zinadapo ndi madzi omwewo ali mtsikana. Anali atamusambitsa mwana wakeyo m'chipatala, ndipo zalazo anaziona ife tisanazione. Zinali zapafupi kunena kuti mwana wadyetsedwa ndi amphawi kusiyana ndi kuvomera kuti mwana wa mwini chigayo amalakalaka kalongonda mpaka kukaba m'khwawa.

Amayi anga sananene chilichonse cha zimenezi. Anangoti, "Akachira mumutumize kwathu ndidzamuonetse. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe." Tinatsanzika n'kumapita. Panjira ndinawafunsa chifukwa chimene sanawayalutsire pamaso pa anthu aja.

"Amayi awiri aja ali ndi makutu," anatero. "Ntchito yotsalayo ndi yawo."

Kupepesa sikunabwere, mpaka lero. Koma pasanathe sabata ndowa za pa mjigo zinasiya kusuntha. Ana anali atakafotokoza m'makwawo za mtsikana amene anadya chitini chonse n'kuima padzuwa osagwa, ndipo amayi awiri aja anamaliza zotsalazo. Maliro otsatira m'mudzi, amayi anaitanidwa ku miphika ngati kale. Kusukulu anandiperekeza, a Nampinga n'kuwauza kuti mwana wawo ndi wamwano, iwo n'kuvomera kuti n'zoona. Lamulo loletsa kalongonda silinafafanizidwe, koma palibe amene analikumbutsanso. Ine ndinapitiriza kunyamula kachitini kanga, ndipo ndinasiya kudyera kuseri kwa kalasi. Ndinkakhala pakati pa bwalo, pa mulu wa dothi la dzenje langa. Posakhalitsa tizitini tina tinayamba kutuluka m'zikwama za anthu amene ankagwira mphuno aja.

Joyisi amayi ake sanamutumize kwathu. Anabwera yekha, mozemba, Loweruka lina, ndipo amayi anamukhazika pa moto tsiku lonse mpaka maso kufiira ndi utsi.

A Nampinga ndinawakwiyira zaka zambiri. Lero ndine namwino, ndipo ndaonapo ana obwera nawo atadya zinthu zosapsa, choncho mantha awo ndimawamvetsa. Mwana anali m'chipatala, ndipo iwo anali ndi ana mazana oti awateteze. Chimene sindivomereza mpaka pano ndi dzenje. Akanatha kuitana amayi awiri atatu a m'mudzi kuti atiphunzitse kaphikidwe kake. Iwo eni ankakadziwa, poti munthu woyankhula Chilomwe chotere sanakule ndi buledi. Anasankha kukwirira.

Apa m'pamene pali chimene ndinaphunzira. Joyisi sanadwale chifukwa kwawo kunkadyedwa kalongonda. Anadwala chifukwa kwawo kalongonda ankachitidwa manyazi. Makolo ake anayesa kuti akatseka chitseko ndiye kuti chakudyacho chachoka, koma chomera chinali chikadali m'khwawa, chilakolako chinali chikadali mwa mwana, ndipo chimene chinachoka ndi nzeru yokha ya kutaya madzi. Mwana wa m'nyumba yaudzu ngati ine ankadziwa asanafike zaka zisanu kuti madzi akuda aja sayandikiridwa. Mwana wa m'nyumba ya malata anafunsa kuti, "Kodi amataya?" Mawu awiri amenewa amandipweteka mpaka lero.

Masiku ano zinthu zinatembenuka. Pa misonkhano ya chikhalidwe akuluakulu a masuti amadya kalongonda makamera akujambula, ndipo ena mwa amene ankati ndi chakudya cha Anguru ndi amene amakhala patsogolo kumutamanda. Adye, sindiwaletsa. Koma ine sindinadikire kuti anthu a masuti amuvomereze. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chomera chimenechi chinatidyetsa chaka chimene chimanga chinatithawa, ndipo sindinaonepo chifukwa chochipepesera kwa munthu.

Ndimakhala m'tauni tsopano, ndipo kuseri kwa nyumba yanga ya lendi kalongonda wayanga pa mpanda wonse. Mbewu yake ndinakatenga ku khwawa lomwe lija, amayi atamwalira. Aneba amadandaula kuti ndimatha makala ndi chakudya cha kumudzi, ine ndimawauza kuti makalawo ndi anga. Mwana wanga wamkazi ndinayamba kumuonetsa ali wamng'ono: kusenda, kutsuka, kutaya madzi kutali. Ankanyinyirika kuti zikhadabo zikuda ndipo anzake kusukulu amuseka. Ndinamuuza kuti akamuseka awaonetse manja onse awiri.

Chaka chatha ndinabwera kuntchito nditatopa, n'kupeza waphika yekha kuyambira m'mawa, popanda womuuza. Fungo lake linandilandira pa geti. Ndinataya chikwama pampando, kupita pa mbaula, kuvundukula mphika n'kutambasula dzanja. Anandimenya kadzanjako ngati mwana.

"Dikirani, amayi," anatero. "Wophika ndine."

Anatapa dzanja limodzi, kudya, n'kutenga tsache kupita kukasesa pakhonde. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi mphika, njala ili m'mimba, n'kudikira.